Mensa, Mensa, Mensam: Mbiri ya Kaphunzitsidwe ka Maina a Cilatini

Munthu ali yense amene analawako Cilatini, kaya ku seminale kaya ku sukulu ya sekondale, sangaiwale tsiku loyamba. Mphunzitsi analemba pa bolodi liu limodzi kasanu ndi kamodzi, kuyambira pamwamba kutsikira pansi: mensa, mensa, mensam, mensae, mensae, mensa. Anati liulo litanthauza gome, ndipo m'mawa mwace mwana ali yense adzalinena pamtima. Ana analoweza ndithu, naliimba monga nyimbo ya pamtondo. Koma ambiri a iwo anatha caka cathunthu osadziwa cifukwa cimene gome limodzi lifunira mizere isanu ndi umodzi. Ena anacoka pa sukulu ali ndi maganizo akuti mndandanda umenewo unakhala comweco ciyambire, ndi kuti nchito ya mwana ndiyo kuumeza osatafuna.

Si comweco iai. Mndandandawo anaukonza ndi anthu, aphunzitsi monga ife tomwe, ndipo anakhala ali kuukonza ndi kuusintha kwa zaka zoposa 2,000. Ndifuna kufotokoza mbiri yace muno mwacidule, pakuti muli phunziro lokhudza nchito yathu ya masiku onse, ngakhale kwa iwo amene saphunzitsa Cilatini. Phunzirolo ndi ili: nthawi iri yonse pamene Cilatini cinafika kwa ana a mtundu wina, aphunzitsi amene anathandiza koposa ndiwo amene anayamba ndi cinenero cimene mwanayo anayamwira, nayenda naye kucokera pa zimene adziwa kufikira pa zimene sadziwa.

NCHITO YA MCIRA

Tisanalowe m'mbiri, tiyambe taona cimene mndandandawo unena. Pa Cilatini venator ndiye mlenje, leo ndiwo mkango, ndipo necavit ndiko kuti anapha. Mroma akati venator leonem necavit, tidziwa kuti mlenje anabwerera kumudzi ndi cikopa. Akati leo venatorem necavit, tidziwa kuti kumudzi kuli maliro. Tsono mukhoza kusanduliza mau a ciganizo coyambaco monga mufuna, kuika leonem patsogolo kapena pambuyo, koma wakufayo adzakhalabe mkango; cifukwa cimene cionetsa wakupha ndi wophedwa si malo a liu iai, koma mcira wace. Mcira uja -em unena kuti uyu ndiye anacitidwa kanthu.

Mwana wa Mngerezi abvutika pamenepa, pakuti m'cinenero cace dzina loyamba ndilo licita, ndipo lotsata mneni ndilo licitidwa. Koma mwana wathu sayenera kudabwa kwambiri. Ife tikati, "Mkango anaupha mlenje," palibe amene alira maliro, ngakhale mkango uli patsogolo. Ndipo tikati, "Mlenje unamupha mkango," tonse tidziwa kuti munthu wafa. Timau tating'ono a- ndi -u-, kapena u- ndi -mu-, tinyamula nkhani yonse. Kusiyana kwace ndi uku: ife tiika cizindikiro kumutu kwa mneni, Aroma anaciika kumcira kwa dzina.

Micira imeneyi aiika m'mizere isanu ndi umodzi. Nominativus ndiwo mzere wa wocita. Vocativus ndi wa woitanidwa, monga tinena "mwanawe". Accusativus ndi wa wocitidwa. Genetivus ndi wa mwini cinthu, monga domus regis, nyumba ya mfumu. Dativus ndi wa wolandira, amene ife timsonyeza kawirikawiri ndi -ir- kapena -er-, monga "kugulira mwana buku". Ndipo ablativus usenza katundu wambiri: kucokera kwina, kukhala pena, ndi cida cimene munthu agwira naco nchito, monga tinena "ndi mkondo". Pa mensa womaliza uja, a wace achulidwa motalika. Cifukwa cace asiyana ndi woyamba, ngakhale alembedwa cimodzimodzi.

KUGWA KWA DZINA

Maganizo a mizere imeneyi sanayambe ku Roma, anayamba kwa Agriki. Aristotle, amene anafa m'caka ca 322 Kristu asanabadwe, anachula kusintha kwa liu ptosis, ndiko kuti kugwa. Anzeru a gulu la Stoa, amene anadza pambuyo pace, anapatulira liuli maina, nawerenga mizere isanu m'Cigriki. Akale anayerekeza dzina ndi colembera cosongoka cimene capulumuka m'dzanja: cikhoza kuzikika pansi ciriri, kapena copendekeka. Dzina la wocita laima ciriri. M'mizere yina lapendekeka. Aroma anangotembenuza mau omwewo: kugwa anati casus, kupendekeka anati declinatio. Maina awiriwa ali m'mabuku a galamala kufikira lero.

Suetonius, mlembi wa mbiri wa ku Roma, asimba kuti maphunziro a galamala analowa m'mzindamo mwangozi. Crates wa ku Mallos, munthu wophunzira kwambiri, anatumidwa kumeneko ndi mfumu ya ku Pergamum pafupi ndi caka ca 168 Kristu asanabadwe. Poyenda pa phiri la Palatine anagwa m'dzenje la ngalande ya madzi oipa, nathyoka mwendo. Masiku onse amene anali kudikira kucira anawatha ndi kuphunzitsa. Ndipo Aroma pomumva anayamba kusanthula cinenero cao comwe monga iye anasanthulira Cigriki.

Woposa onse pa nchito imeneyi anali Marcus Terentius Varro, amene anabadwa m'caka ca 116 nafa m'caka ca 27 Kristu asanabadwe. Analemba mabuku 25 a cinenero ca Cilatini, koma amene anatifika ndi 6 okha, ndi awonso ali ong'ambika. Varro anaona kuti muyeso wa Agriki sukwana pa Cilatini, pakuti Aroma anali ndi mzere wina umene Agriki analibe. Anauchula mzere wacisanu ndi cimodzi, kapena mzere wa Cilatini. Dzina loti ablativus, wocotsa, linakhazikika pambuyo pace. Apa tiona koyamba bvuto limene lidzabweranso m'mbiri yonseyi: cobvala cosokedwera munthu wina sicikwana mnzace kopanda kucisintha.

Ndipo potembenuza Aroma anaphonyanso. Liu la Cigriki aitia liri ndi matanthauzo awiri: cocititsa kanthu, ndi mlandu. Agriki pochula mzere wa wocitidwa anaganiza za cinthu cimene nchito igwerapo. Koma Aroma anatenga tanthauzo la mlandu, nauchula accusativus, ndiko kuti wa kuneneza. Cotero mwana wocenjera akafunsa kuti, "Nanga mlenje popha mkango aneneza yani?" funso lace liri la nzeru. Wolakwa si mwanayo, koma wotembenuza amene anafa kalekale.

Quintilian, mphunzitsi womveka wa ku Roma, analemba pafupi ndi caka ca 95 Kristu atabadwa kuti ana ayambe adziwa bwino kusintha kwa maina ndi kwa aneni, pakuti popanda ici sangamvetse zotsatira. Anadzudzula aphunzitsi amene athamangira zinthu zooneka zapamwamba kuti adzionetse, nasiya maziko. Cenjezo limenelo silinakalambe.

DONATUS NDI PRISCIAN

Pafupi ndi caka ca 350 ku Roma kunali mphunzitsi dzina lace Aelius Donatus. Mmodzi wa ophunzira ace anali Jerome, amene anatembenuza Baibulo m'Cilatini. Donatus analemba kabuku kocepa kochedwa Ars minor, ka mafunso ndi mayankho monga katekisimu. Pofika pa maina anapereka zitsanzo zowerengeka: magister, mphunzitsi, la camuna, musa, mzimu wa nyimbo, la cacikazi, scamnum, mpando, losakhala la camuna kapena la cacikazi, sacerdos, wansembe, loyenera mwamuna ndi mkazi yemwe, ndi felix, wodala, loyenera onse. Sanalongosole maina m'mabanja asanu monga ticita lero. Sanalinso ndi cifukwa cocitira tero, pakuti ana ace analankhula Cilatini ndi amai ao. Panalibe wofunika kuwauza kuti rex, mfumu, asanduka regis, monga palibe auza mwana wathu kuti mudzi ukaculuka ukhala midzi. Kabukuko kanagwira nchito zaka zoposa 1,000, ndipo pamene Gutenberg anayamba kusindikiza mabuku ndi makina ku Mainz m'zaka za m'ma 1450, kanali pakati pa mabuku ace oyamba.

Zinthu zinali zina kwa Priscian. Iye anali wa ku Caesarea m'dziko la Mauretania, kumpoto kwa Africa, kumene tsopano kuli Cherchell m'dziko la Algeria. Koma anaphunzitsa ku Constantinople pafupi ndi caka ca 500. Mzindawo unali wa anthu olankhula Cigriki, amene anafuna Cilatini cifukwa cinali cinenero ca malamulo ndi ca nchito za boma. Priscian analemba mabuku 18 a galamala, ndipo monse monse analinganiza Cilatini ndi Cigriki, kuti wophunzira aone cacilendo pambali pa cace. Analembanso kabuku kakafupi ka maina ndi aneni, m'mene anaika maina onse m'mabanja asanu. Aphunzitsi ena anayamba kale kuyesa njira yotere, koma kabuku kace ndiko kanaifalitsa.

Cizindikiro ca banja anacitenga pa mcira wa genetivus: -ae, -i, -is, -us, -ei. Mwa ici tiri ndi mensa, mensae; dominus, domini, mbuye; rex, regis; manus, manus, dzanja; dies, diei, tsiku. Ndico cifukwa cace buku lomasulira mau a Cilatini lipereka dzina liri lonse pawiri. Taonani dominus, corpus ndi manus: onse atatu atha ndi -us, koma ali a mabanja atatu, ndipo simungadziwe kufikira mutamva domini, corporis, manus. Ife tiri naco cinthu comweco. Mlenje ndi mkango onse ayamba ndi m-, koma mlendo wophunzira Cinyanja sangadziwe kuti ali a magulu awiri kufikira atamva alenje ndi mikango.

PAMENE CILATINI CINAKHALA CACILENDO

Aroma sanalamulire cisumbu ca Ireland, ndipo ku England ulamuliro wao unatha Angerezi asanakhazikike. Koma Cikristu citafika ku Ireland m'zaka za m'ma 400, ndi kwa Angerezi kuyambira m'caka ca 597, anyamata a m'nyumba za amonke anayenera kuimba Masalmo ndi kuwerenga Malembo m'Cilatini, cinenero cimene amai ao sanacimvepo. Kabuku ka Donatus kanawacepera. Mnyamata akadziwa magister ndi musa, nanga akakomana ndi iter, itineris, ulendo, adzatani?

Cifukwa cace aphunzitsi a zisumbuzo, m'zaka za m'ma 600 ndi 700, anayamba kulemba mindandanda yathunthu: dzina limodzi lacitsanzo m'mizere yace yonse, ndi pansi pace maina ambiri oyenda njira yomweyo. Tatwine, amene anafa ali bishopu wamkuru wa ku Canterbury m'caka ca 734, ndi Boniface, amene anaphedwa ali kulalikira ku Frisia m'caka ca 754, onse awiri analemba mabuku a galamala a mtundu umenewu. Tinganene kuti mndandanda wolowezedwa ndi alendo unakula m'manja mwa anthu awa, amene iwo eni anali alendo ku Cilatini. Ku St Gall m'dziko la Switzerland kwasungidwa buku la Priscian lolembedwa ndi amonke a ku Ireland pafupi ndi caka ca 850. Pakati pa mizere ndi m'mphepete muli timau tofotokozera zikwi zambiri, ndipo toposa 3,000 mwa timeneti tiri m'cinenero ca ku Ireland. Anacita monga acita ana athu polemba Cinyanja ndi pensulo pamwamba pa liu lobvuta la Cingerezi.

Wolimba mtima koposa anali Aelfric, mmonke wa ku Cerne m'dziko la England. Pafupi ndi caka ca 995 analemba galamala ya Cilatini m'Cingerezi ca masiku amenewo, cinthu cimene cinali cisanacitike m'cinenero ca anthu wamba ku Ulaya. Pambali pa liu la Cilatini anaika tanthauzo lace m'cinenero ca mwanayo, ndipo maina obvuta a galamala anawapezera mau a Cingerezi. Anaonjezapo mndandanda wa mau oyamba, osati monga mwa alifabeti, koma monga mwa zinthu: ziwalo za thupi, mbalame, nsomba, nyama, zomera, mitengo ndi zipangizo za m'nyumba. Analembanso kukambirana kwa m'kalasi kumene mwana wina akhala wolima ndi ng'ombe, wina mbusa, wina mlenje, wina msodzi, ndipo mphunzitsi afunsa yense za nchito yace. Motero mwana anaphunzira micira ya maina ali kunena za khasu ndi ukonde, zinthu zimene anaziona kwao.

NTHAWI YA KULOWEZA

Si onse anatsata Aelfric. Pafupi ndi caka ca 1199 Alexander wa ku Villedieu m'dziko la France anaika malamulo onse a galamala m'ndakatulo ya mizere yoposa 2,600, yochedwa Doctrinale, ndipo inalamulira masukulu a ku Ulaya zaka mazana atatu. Ndakatulo ithandiza kukumbukira, zimenezo nzoona. Koma iyi inali m'Cilatini, kotero kuti mwana analoweza malamulo a cinenero m'cinenero comweco cimene anali asanacidziwe. Kuli ngati kutsekera mfungulo m'bokosi limene mufuna kutsegula.

Ku England, m'zaka za m'ma 1540, Mfumu Henry VIII inalamula kuti masukulu onse agwiritse nchito buku limodzi lokha, lodziwika ndi dzina la William Lily, mphunzitsi wamkuru woyamba wa sukulu ya St Paul ku London. Ciyambi cace cinali m'Cingerezi, koma malamulo ambiri anakhalabe m'ndakatulo za Cilatini. Bukulo, losinthidwa pang'ono, linakhala m'masukulu zaka pafupifupi 300. Shakespeare analiseka m'sewero lace lina, The Merry Wives of Windsor, m'mene mnyamata afunsidwa mizere ya maina pamaso pa amace, nadodoma, ndipo mai wina wosaphunzira amene ali pomwepo ayesa kuti mau a Cilatiniwo ndi zotukwana.

Wotsutsa njira imeneyi anali John Amos Comenius wa ku Moravia. Iye anaphunzitsa kuti liu lisalowe m'mutu mwa mwana lopanda cinthu cace. M'caka ca 1658 ku Nuremberg anasindikiza Orbis Sensualium Pictus, buku la mitu 150, mutu uli wonse ndi cithunzi cace. Pa cithunzi ca khichini kapena ca ngalawa cinthu ciri conse cinali ndi nambala, ndipo pansi pace panali dzina lace m'Cilatini ndi m'Cijeremani.

Mndandanda umene unafika kwa ife kudzera m'masukulu a Angerezi ndi wa Benjamin Hall Kennedy, amene anali mphunzitsi wamkuru wa sukulu ya Shrewsbury. Buku lace la masukulu linaturuka m'caka ca 1866, ndipo lina lokonzedwanso, The Revised Latin Primer, m'caka ca 1888. Pa laciwirili nchito yaikuru anaigwira ana ace akazi, Marion ndi Julia, ngakhale maina ao sanalembedwe pacikuto. Kuyambira kwa Donatus mizere inayenda motere: nominativus, genetivus, dativus, accusativus, vocativus, ablativus. Kennedy, potsata maganizo a anzeru a ku Denmark monga Madvig, anasendeza vocativus ndi accusativus kuti atsatane ndi nominativus. Cifukwa cace cinali ca m'kalasi: micira yofanana ikhale pamodzi. Pa maina monga bellum, nkhondo, mizere itatu yoyamba ifanana nthawi zonse. Ndipo pa zambiri dativus ndi ablativus sasiyana konse. Ku America ndi ku Germany ambiri anasunga genetivus pamalo aciwiri, kotero kuti anthu awiri odziwa Cilatini akhoza kuimba mensa mosiyana, onse osalakwa.

Koma ngakhale mndandanda wokonzeka bwino sungadziphunzitse wokha. Winston Churchill, m'buku la ubwana wace la m'caka ca 1930, asimba kuti tsiku lace loyamba pa sukulu, ali ndi zaka 7, anapatsidwa mensa kuti aloweze. Analoweza, koma anafunsa tanthauzo la vocativus. Atamuuza kuti ndiwo mzere wogwiritsa nchito polankhula ndi gome, iye anayankha kuti salankhula ndi magome; ndipo mphunzitsi anamuopseza ndi cilango cifukwa ca mwano. Mwanayo sanakondenso Cilatini. Yankho linalipo, lapafupi ndithu: puella, mtsikana, ayenda njira yomweyo ya mensa, ndipo mtsikana tikhoza kumuitana.

WOFUNA MCIRA ANAPEZA MUTU

Azungu ophunzitsidwa motero atafika ku Africa, anadza ndi muyeso wa Cilatini m'mutu, nayesa kuyesa nao zinenero zathu. M'caka ca 1659 ku Roma kunasindikizidwa kabuku ka Giacinto Brusciotto, wansembe wa gulu la Capuchin amene anagwira nchito m'ufumu wa Kongo. Kanalembedwa m'Cilatini, ndipo ndiko galamala yoyamba yodziwika ya cinenero ca Bantu. Brusciotto anafunafuna micira ya maina a Cikongo, koma sanaipeze. Anaona kuti maina asintha kumayambiriro, ndi kuti mau otsatira abvomerezana ndi mayambirirowo. Tsono m'malo mokakamiza declinatio, anawaika m'magulu amene anawachula principiationes, ndiko kuti mayambidwe. Anacita monga anacitira Varro: muyeso wobwereka utalephera, anakhulupirira makutu ace.

M'zaka za m'ma 1860 Wilhelm Bleek ku Cape Town anapatsa magulu amenewa manambala, ndipo Carl Meinhof anaonjezapo. Ndiwo manambala amene tiwerenga nao munthu ndi anthu 1 ndi 2, mudzi ndi midzi 3 ndi 4, ndi pa-, ku-, mu- 16, 17 ndi 18. Clement Doke, amene anagwira nchito ya misyoni pakati pa Alamba ku Kafulafuta kuyambira m'caka ca 1914, nakhala pambuyo pace mphunzitsi pa yunivesite ku Johannesburg, analimbika kunena kuti zinenero za Bantu zifotokozedwe monga ziri, osati monga mwa mizere ya ku Ulaya.

Cilatini ceniceni cinafika kuno makamaka ndi maseminale. Ku Kachebere, pa malire a Malawi ndi Zambia pakati pa Mchinji ndi Chipata, a White Fathers anatsegula seminale yaikuru m'caka ca 1939, ndipo anyamata a maiko onse awiri anawerenga mabuku ao akuru m'Cilatini, monga unali mwambo wa maseminale masiku amenewo. Msonkhano Waciwiri wa ku Vatican utalola m'caka ca 1963 kuti zinenero za anthu zilowe m'Misa, kufunika kwa Cilatini kunacepa. Ku Malawi, sukulu ya Kamuzu Academy inatsegulidwa m'caka ca 1981 ndi lamulo lakuti ana onse aphunzire Cilatini ndi Cigriki. Koma kunena zoona, amene aciphunzira m'maiko athu ali owerengeka.

PHUNZIRO LACE KWA IFE

Nanga ife titengepo ciani? Coyamba, tisanyoze mndandanda. Quintilian sananame: micira iyenera kulowezedwa, ndipo pang'ono pang'ono ndi mtolo. Koma mndandanda ndiyo nkhokwe yosungiramo zimene mwana wakolola kale. Nkhokwe siibala cimanga. Mwana ayambe wamva za mlenje ndi mkango, aone yekha cimene -em acita, ndipo pamenepo mumpatse mzere ndi dzina lace.

Caciwiri, tisayendetse mwana njira yozungulira pamene yacidule iripo. Kawirikawiri Cilatini cinafika kwa ana athu kupyolera m'Cingerezi, cinenero cimene cinataya micira yace yambiri kalekale, pamene Cinyanja cikadawathandiza msanga. Mwana amene anena "cinthu cabwino, zinthu zabwino" adziwa kale kuti mau ayenera kubvomerezana, ndipo sadzadabwa ndi puella bona, puellae bonae. Mwana amene asiyanitsa panyumba, kunyumba ndi m'nyumba adzamva msanga domi, kunyumba, ruri, kumudzi, ndi humi, pansi, timau timene tasunga mzere wakale wa malo.

Cacitatu, mau oyamba akhale a zinthu zodziwika, monga anacitira Aelfric ndi Comenius. Ena a iwo ali kale m'kamwa mwa ana, obwera ndi Apwitikizi kapena Angerezi. Vinyo acokera ku vinum, kalata ku charta, kandulo ku candela, tebulo ku tabula, kolona ku corona, dokotala ku doctor, ndipo kapitao ali ndi muzu wace mu caput, mutu. Mwana akazindikira kuti analankhula Cilatini pang'ono asanalowe m'kalasi, mantha ace acepa.

Zonsezi sizikhudza Cilatini cokha. Tsiku liri lonse tiima pamaso pa ana ndi mindandanda yina: ya aneni a Cingerezi, ya masamu, ya zaka za mbiri. Yonseyo inakonzedwa ndi anthu, pa zifukwa zimene zikhoza kufotokozedwa. Mwana akafunsa kuti, "Cifukwa ninji?" tisayese mwano, akuru anati safunsa anadya phula. Ngati yankho tiribe, tikalifune, tibwere nalo m'mawa mwace, ndipo timuyankhe m'mau amene iye angamve.